Tchuthi cha Kumathero a Njanji

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA KALABU YA OPUMA PA NTCHITO, MDADADA WA KUSERI KWA SITESHONI

Tsiku: Lachitatu, pa 9 Julaye
Malo: Chipinda chochapira zovala (holo anaitseka, denga likudontha)
Nthawi yoyambira: 3 koloko masana

Opezeka: Wapampando; Bambo Chipewa, wachiwiri wawo; Mayi Telala; Mlembi.

Osapezeka: Msungichuma (anatengedwa ndi mwana wawo wamkazi, za kubwerera sananene), Bambo Makanika (ali m'chipatala), Mayi Namwino (a Chipewa anakagogoda, m'nyumba munkamveka wailesi koma sanatsegule).

1. KUTSEGULIRA

Wapampando analandira mamembala. Mipando anali atayala yonse monga kale. A Chipewa anapempha kuti yopanda anthuyo ipindidwe chifukwa ikuwayang'ana. Wapampando anati isiyidwe, mwina wina wangochedwa. Inasiyidwa.

2. ZA MSONKHANO WAPITA

Mlembi anawerenga. Mayi Telala anati sanamve chifukwa cha phokoso la makina ochapira. Mlembi anabwereza mokweza. Zinavomerezedwa popanda kusintha.

3. KOPITA PA TCHUTHI CHA CHAKA CHINO

3.1 Wapampando anakumbutsa komiti kuti mwezi wa mawa sukulu zikatsekera, mabanja amachoka ndipo mdadada umangoti zii: pazingwe popanda zovala, pamasitepe popanda ana. Anati kalabu inayambika kuti nthawi imeneyo pasapezeke wina wongomvetsera wotchi yake. Anapempha kuti apitenso kuhotela ya kumapiri kumene kalabu yakhala ikupita chiyambire. Anati malemu akazi awo ankalikonda khonde la kumeneko, ndipo iwo akakhala pampando wapakona m'mawa zimakhala ngati mayiwo angolowa kukatenga juzi.

3.2 A Chipewa anatsutsa. Anati chaka chatha a pahotelapo anayala tebulo lalitali lomwe lija, ndipo woperekera zakudya ankangofunsa kuti, "Nanga anzanu aja afika liti?" Iwo anatopa n'kuyankha kuti uyu anatisiya, uyu anasamuka, uyu ndi miyendo. "Tchuthi choti ndizikawerenga maliro foloko ili m'manja, ine toto," anatero. Wapampando anawapempha kuti alankhule mwaulemu. A Chipewa anati ulemu wawo ndi womwewo.

3.3 Mayi Telala anapempha kuti kalabu ipite kumzinda waukulu. Anati kuli masitolo a nsalu, paki, ndiponso nyumba yosungiramo zinthu zakale. A Chipewa anati nyumba yosungiramo zinthu zakale ndi ino tikukhalamoyi, palibe chokwerera basi. Kenako anafunsa ngati si kumzinda komweko kumene kumakhala mwana wamwamuna wa mayiwo.

Mayi Telala anavomera. Anati mdzukulu wawo wayamba kuyenda koma iwo amangomuonera pa foni. Anamusokera kadiresi poyeza ndi maso pachithunzi, ndipo akuopa kuti kamuchepera kasanavalidwe. Anati akapita ndi kalabu sakakhala mtolo kwa mpongozi wawo: akangodutsa ngati apaulendo, kumwa tiyi, n'kubwerera kogona.

3.4 Wapampando anafunsa ngati mwanayo akudziwa. Mayi anati ayi, amatanganidwa. Komiti inagwirizana kuti amuimbire pomwepo, kuopa kukagogoda pageti lotseka. Poti mayiwo khutu limodzi silimva bwino, foni inaikidwa pa sipika yokweza mawu, motero komiti inamva zonse. Mlembi anafunsa ngati alembe. Mayi anati lembani.

Mwanayo poyankha anati, "Amayi, kwagwanji? Mwadwala?"

Mayi anati ali bwino, n'kufotokoza za ulendowo. Kenako mwanayo anati sabata imeneyo sadzakhalapo, akupita kumapiri ndi mkazi wake, mdzukulu uja, ndi amayi a mkazi wake. Anatchula hotela. Inali yomwe ija kalabu imapitako.

"Munkaitama kwambiri, ndiye tinati tikaione," anatero. "Tikanakutengani, koma galimoto yadzaza. Katundu wa mwana mukumudziwa."

"Wachita bwino, mwananga," anatero Mayi Telala. "Ukapemphe chipinda choyang'ana kum'mawa. Ndipo mwanayo uzikamuveka zotentha, kumazizira kumeneko."

Mwanayo anati ali pa ntchito, aimbanso. Foni inaduka.

3.5 Makina ochapira anaima. A Chipewa anavula chipewa chawo, n'kuchivalanso. Kenako anati akubweza mawu awo aja: kalabu ipite kumapiri, mayi akamuone mdzukulu pa chakudya cha m'mawa, hotela si ya munthu mmodzi. Wapampando anagwirizana nazo.

Mayi Telala anathokoza koma anakana. Anati safuna kuti mwana wawo akachite manyazi pamaso pa apongozi ake, n'kumakadzambatuka tebulo ili ndi ilo ngati wopalamula. "Achimwene, munthu ukamufuna galimoto sidzaza," anauza a Chipewa. Anati kadiresi atumiza pa positi. Anapempha kuti enawo apite, iwo atsala azithirira maluwa a pamakonde.

3.6 Wapampando anatenga nthawi akupukuta magalasi awo. Kenako anati akuchotsa pempho lawo la kumapiri. Anati khonde lija silithawa, ndipo malemu akazi awo akanamva kuti asiya Mayi Telala okha mumdadada wopanda anthu, akanawanyanyalira mwezi wathunthu. Mayi Telala anati asadzivutitse chifukwa cha iwo. Wapampando anati mfundoyo yatsekedwa, ndipo anapempha madzi akumwa.

3.7 Poti malo onse awiri anagwa, Mlembi anafunsidwa maganizo ake. Mlembi anati chisamukire kuno wakhala akumva sitima ya m'mawa ikudutsa kuseri kwa khitchini yake, makapu n'kumanjenjemera pashelefu, koma sadziwa kumene imakathera. A Chipewa anati anamva kuti kuli katauni kopanda chooneka: siteshoni, msika, ndi nyumba imodzi yogona alendo. Anati wopita kumeneko ndi wosochera yekha. Mayi Telala anafunsa ngati pali amene ali ndi womudziwa kumeneko. Onse anati ayi. Mayi anati ndiye n'kwabwino.

CHIGAMULO: Kalabu idzakwera sitima ya m'mawa mpaka pa siteshoni yomaliza, n'kukakhalako sabata imodzi. Onse anayi anakweza manja. A Chipewa akafunsa za matikiti. Mlembi aimba kunyumba ya alendoyo, anenetse kuti obwera ndi anayi basi.

4. ZINA NDI ZINA

4.1 A Chipewa anadandaula kuti babu la pamasitepe linapsa kalekale ndipo tsiku lina adzatsika ndi msana. Mlembi akumbutsanso mwini nyumba.

4.2 Anagwirizana kuti pasitima pasadzakhale wofunsa mnzake za mankhwala, aliyense adzikumbukire yekha. Mayi Telala anati a Chipewa adzaiwala. A Chipewa anavomera.

4.3 Wapampando anapempha kuti aliyense atchule wachibale woti adziwitsidwe za ulendowu, kuti asadzade nkhawa akabwera n'kupeza palibe munthu. Mlembi anadikira, cholembera chili m'manja. Palibe amene anatchula dzina. Pomaliza a Chipewa anati auzidwe mlonda wa pageti yekha, kuti akadzaona zitseko zinayi zili chitsekere asadzaitane apolisi n'kuthyola maloko. Zinavomerezedwa popanda wotsutsa.

5. MSONKHANO WOTSATIRA

Lachitatu loyamba kalabu ikadzabwerako, m'chipinda chomwechi.

6. KUTSEKA

Popanda zina zokambirana, Wapampando anatseka msonkhano itatsala pang'ono kukwana 5 koloko. Mamembala anakwera masitepe limodzi, aliyense n'kumatsala pakhomo pake.

Wapampando: ____________________

Mlembi: ____________________