Akufuna galu wanga adye tsabola

Aphungu,

Ndine mayi wamasiye, ndimalima mbatatesi kuno ku Mlangeni. Akuba atanditopetsa kumunda, ndinapeza kagalu kuti kazindithandiza kulondera. Pano wakula, dzina lake Tilipo, ndipo mwana wanga womaliza, Chiyembekezo, amasewera naye tsiku lonse mpaka kumukoka makutu.

Alamu anga a Thomas anandibweretsera bambo wina, a Cosmas, ati ndi katswiri wophunzitsa agalu. Bamboyo anati: "Ndimutenga ndikakhale naye kwathu, inu osabwera kudzamuona. Ndizikamutsekera mumdima, chakudya pang'ono chothira tsabola. Pobwera adzakhala mkango." Nditafunsa za mwana wanga, anangoseka. Alamu nawo amvekere: "Za agalu mkazi adziwapo chiyani?"

Ine ndinakana, ndipo akabweranso ndikananso. Galu ndi wanga, mwananso ndinabereka ndekha. Anene kuti ndine wamakani, zawo zimenezo. Koma akuba sanasiye kukumba, ndipo mtima ukundiwawa. Wophunzitsa wokhulupirika ndimudziwa bwanji?

J.P., Mlangeni

Mayi J.P.,

Makani amenewo musawasiye. Galu wozunzidwa ndi njala ndi tsabola salimba mtima ayi, amasanduka wamantha, ndipo galu wamantha amaluma aliyense womuyandikira.

Yambani kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu, akutchulireni ophunzitsa agalu amene amawadziwa. Galuyo abayidwiretu katemera wa chiwewe. Mukapeza munthu, pitani kwawo mosamuuza, mukaone agalu ake. Akamuona amagwedeza mchira, kapena amaubisa pakati pa miyendo n'kuthawira kuseri? Akuonetseninso makomo amene anaphunzitsako agalu, mukacheze ndi eni ake, makamaka amene ali ndi ana ang'onoang'ono.

Aziphunzitsira pakhomo panu inu muli pomwepo, chifukwa galuyo ayenera kumvera mawu anu. Ayambe ndi kubwera mukamuitana ndi kusiya mukamuletsa. Zouwa alendo musade nazo nkhawa, agalu ambiri sachita kuuzidwa. Wokukanizani kuona zimene akuchita, muperekezeni mpaka pamsewu.

Chiyembekezo naye mumuletse zokoka makutuzo. Ngakhale galu wofatsa amatopa.

Koma chenjerani, alamu anu angathe kudzatenga galuyo inu muli kumsika. Auzirenitu pamaso pa abale kuti simunalole. Mbatatesi akakuberani mudzabzala zina. Galu akang'amba nkhope ya mwana, a Thomas sadzaima nanu pamzere kuchipatala.