Andiitana chifukwa cha mtanda wamwala

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji? Ine kuno ku Bolton, ku Mangalande, mtima uli m'mwamba.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu, mkazi wa Yamikani, wachira. Ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Munda wanu wa kuseri kwa sukulu wabereka chaka chino, ngakhale Yamikaniyo akulira ndi anankafumbwe.

Tsono yanga nayi. Lamulungu likubwerali akulu a mpingo andiitana. Akuti ndikupembedza mwala.

Kunja kwa tauni kuli kamudzi komwe ndimapita pa basi kukasamalira mayi wina wokalamba wachizungu. Pakati pa bwalo lawo pali mtanda wamwala wakalekale. Mkono umodzi unathyoka, ndipo munthu amene anasemedwapo nkhope inafufutika ndi mvula. Tsiku loyamba ndinayesa chiliza. Nditaona anthu atakhala pamasitepe ake akudya tchipisi ndinati kalanga ine, mwambo kulibe kuno! Mayi aja anandiseka. Akuti si manda ayi. Makedzana onyamula maliro ankatula bokosi pamenepo, kupuma, kupemphera, n'kupitiriza ulendo wa kumanda.

Amayi, mawu amenewo anandilasa. Inu anakunyamulani ine kulibe. Maliro anu ndinaonera pafoni, m'chipinda chochapira kuntchito, netiweki ikudukaduka. Dothi sindinaponye, nkhata sindinaike. Ndiye ndinayamba kumalawirira, kuika maluwa patsinde pa mtandawo, kugwada n'kuimba chamumtima nyimbo yanu ija.

Mayi Phiri a m'gulu lathu la amayi a mpingo, amene amagwiranso ntchito cha komweko, anandijambula ndili chogwada. Osandifunsa n'komwe, chithunzi anangochiponya pagulu la pafoni. Munkakonda kunena kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Iwo amayi awo akadali moyo.

Akulu akufuna ndiime kutsogolo, ndilape, ndilonjeze kuti sindidzapondakonso. Ndikakana, andichotsa m'gulu, yunifolomu ndivula. Ndipotu bulauzi yake ndi yanu yoyera ija imene Yamikani ananditumizira. Ndikuopa, Amayi, bodza ayi. Kuno anthu amenewa ndiwo abale anga. Nditadwala chaka chatha ndiwo ankandiphikira phala, Mayi Phiri omwewo akukatenga ana anga kusukulu. Akanditaya, ndidzagogoda pakhomo pa ndani?

Koma ndilape chiyani? Mwalawo sindiupempha kanthu. Ndimangotula pomwe anzanga ankatula.

Ndaganiza zochita. Lamulungu ndipita, ndikaimirira monga akufunira, ndipo ndikawapempha kuti andilozere pena poti ndizikakulirani. Akakhala chete, bulauzi ndikaipinda ndekha, asachite kundivula.

Ndimakukondani, Amayi. Ndikulonjezani kuti kaya andisunga kaya anditaya, Lolemba ndikamatsika basi maluwa anu adzakhala ali m'manja.

Ine mwana wanu,
Esinati