Nachesi wa Amayi Pawindo

Erdington,
Birmingham.
21 Febuluwale, 1993.

Okondedwa Bambo,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata inanso, podziwa kuti maso akukuvutani ndipo mpaka mukapemphe a Levison kuti akuwerengereni. Kuno tonse tili bwino. Achemwali a Enifa akugwirabe ntchito kuchipatala ku Coventry, ine ndikusamala ana awo monga kale.

Kalata yanu ndinalandira. Mwati mtengo wa nachesi umene malemu amayi anadzala kuseri kwa khitchini wauma ndi chilala, koma mukudzitonthoza poti mwana wake ali ndi ine kuno. Mwapempha kuti akadzabereka ndidzatumize njere. Ndawerenga mawu amenewa katatu. Bambo, ndinakunamizani.

Pa njere zisanu zimene munandimangira m'kampango pobwera, inamera imodzi yokha. Kamtengoko ndakalera zaka zitatu m'chidebe pawindo, kutali ndi hita yotenthetsa m'nyumba. Loweruka lililonse ndinkapukuta masamba ake limodzilimodzi ndi kansalu konyowa. Alamu a Martin ankandiseka kuti, "Mlamu, ameneyu tikamulembetse sukulu pamodzi ndi mwana wathu Brave?" Kanafika m'chiuno mwanga. Ndikatikita tsamba ndi zala ndinkamva fungo la m'manja mwa amayi.

Mu Disembala dzuwa linasowa milungu itatu, masamba n'kuyamba chikasu. Ndinachita manyazi kufunsa achemwali chifukwa amafika otopa. Tsiku lina m'mawa kunayera, kumwamba kopanda mtambo ngati Okutobala wa ku Mwanza. Ndinaganiza zakwathu, kuti mbande yofooka timaiika padzuwa. Ndinakatulutsa panja, ndinakathirira madzi ambiri, ndinapita ndi ana kusukulu kenako kumsika, mtima uli m'malo. Sindinkadziwa kuti kuno dzuwa likawala chotero m'pamene chisanu chimaluma kwambiri. Pokalowetsa masana ndinapeza dothi lauma gwa ndi chisanu ngati mwala. Pasanathe sabata masamba anada, onse n'kuyoyoka.

Ndipo mu Januwale ndinakulemberani kuti nachesi akukula bwino. Ndinalemba ndi dzanja langali, masamba ake ndili nawo mu envulopu pansi pa pilo. Ndinkaganiza kuti mtengo waukulu ulipobe, ndidzangopempha njere zina mwakachetechete.

Dzulo ndinakanda khungwa ndi chikhadabo monga munkachitira inu. Nthambi zonse n'zouma, koma m'munsi penipeni, kutalika ngati chala changa, mkati mukadali mobiriwira. Alamu akuti ndisalire, akandigulira wina kusitolo wokhala ndi zipatso kale. Ndawathokoza koma ndakana. Wakusitolo amayi sakumudziwa.

Tsono ndiuzeni, Bambo: ndidule pamwamba pa pobiriwirapo, kapena ndikasiye? Madzi ndizithira kangati? Sindichitanso za m'mutu mwanga. Chitsa cha kumudziko chonde musazule msanga, mwina mvulayi ingachidzutse.

Mundiperekere moni kwa azakhali ndi kwa a Levison, amene ayamba kudziwa manyazi angawa inu musanamve. Mukapita kukalambula kumanda, amayi musawauze kaye.

Kalata imayenda milungu iwiri, ndipo sindikudziwa ngati pobiriwirapo padikira. Chonde yankhani msanga, ngakhale mukhale mwandikwiyira.

Ndine mwana wanu,
Dinnah