Kachikho Kamene a Nusret Anaika Pansi

Urfa,
Febuluwale.

Okondedwa Amayi,

Mtendere ukhale nanu, ndipo ndapsompsona dzanja lanu ndili kuno. Kodi muli bwanji? Mawondo aja akukulolani kuyenda, kapena chisanu chino chawaumitsanso? Mlongo wanga Wadha akuti mukukana mankhwala chifukwa amakugonetsani masana. Imwani, Amayi, tulo si matenda. Ine kuno ndili bwino, Mulungu atamandike, kungoti chifuwa chinandigwira pang'ono koma chatha.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Nkhaniyi ndayesa kangapo kuinena pafoni, koma ndikangomva mawu anu imandikanika. Ndiye ndapempha dalaivala wa lole ya simenti yodutsa pamalire kuti asiye pepalali kwa alamu a Khalaf. Wadha akuwerengereni pang'onopang'ono, ndipo asadumphe mzere.

Nkhani ndi ya Zeliha, mtsikana wosoka zovala uja ndinakuuzani chaka chatha, mwana wa a Bozan a golosale. Ndi nzika za konkuno, koma pakhomo pawo amalankhula Chiarabu ngati ife. Ndikufuna kumukwatira, Amayi, ndipo iye anavomera kalekale. Bambo ake sanandikane, komanso sanandilole. Anati tidikire chisankho cha meya chidutse, chifukwa sangapereke mwana wawo kwa munthu amene mawa akhoza kukwezedwa basi n'kukatsitsidwa kumalire.

Mawu amenewa sanawatole pamsewu. A Bozan ali m'gulu la kampeni ya a Nusret, amene akufuna umeya wa dera lathu. A Nusret anabadwira konkuno koma anakulira ku Istanbul, komwe analemera ndi ntchito yomanga nyumba. Pobwerera anatenga mlangizi wawo, mnyamata wa suti yothina amene anthu angomutcha Bambo Kafukufuku. Iyeyu anatuma anthu khomo ndi khomo kufunsa chimene chikuwawa kwambiri ovota, ndipo akuti ambiri anayankha kuti ndi ife Asiriya. Kungoyambira pamenepo magalimoto a zimkuzamawu akhala akuzungulira m'misewu, kuimba nyimbo n'kumakuwa kuti alendo abwerere kwawo. Paja kuno amatitcha alendo. Amati mlendo ndi mame, koma mame ake ano dzuwa lalephera kuwakamula.

Aliyense akudziwa kuti meya alibe mphamvu yothamangitsa munthu m'dziko. Koma mawu a galimoto amalowa m'makutu mwa eni nyumba, ndi mwa ana a kusukulu, ndi mwa a Bozan. Sindikubisirani, alipo amene amatida zenizeni, ndipo ena a iwo ndimawamvetsa. Mwana wa munthu akasowa ntchito chifukwa mnzathu wavomera malipiro ochepa, bambo ake sangatikonde.

Koma ine ndimamva zimene Bambo Kafukufuku samva. Ntchito yanga ikadali yomwe ija, yothira khofi wowawa m'nyumba ya maliro ya m'dera lathu, momwe amuna amakhala kulandira odzapepesa. Wothira khofi anthu amamuona ngati khoma, amalankhula zonse pamaso pake. Tsiku lonse nkhani imakhala ya lendi, ya feteleza, ya magetsi othimathima pamene mapampu akuthirira minda, ndi ya thonje logulidwa motchipa. Za ife amazitchula pomaliza, ndipo wotchulayo amatembenuka n'kundiuza kuti, “Osati iwe, Fayad, iwe ndi wathu.” Ndaona kuti Msiriya aliyense kuno ali ndi munthu amene amamuuza choncho. Kwa wakafukufuku wofunsa mafunso pakhomo, munthu amayankha kuti Asiriya chifukwa ndilo yankho losalowetsa m'mavuto. Kudandaula za akuluakulu kumafuna kuyang'ana kaye kumbuyo.

Chinanso, mavoti kuno amayenda ndi mtundu. Mkulu wa banja akaloza uku, ana, adzukulu ndi akamwini onse amapita komweko. N'chifukwa chake nyengo ya kampeni wakufa aliyense amakhala ndi abale ambiri. Ofuna mipando amachita kuphana pakhomo pa nyumba yathu ya maliro, ena osadziwa ngakhale dzina la womwalirayo.

Sabata yatha anamwalira ang'ono awo a Haji Resul, mkulu wa banja lalikulu kwambiri m'dera lino. A Nusret anafika masana, mlangizi wawo pambali, wojambula kumbuyo, a Bozan atawanyamulira chikhoti. Pemphero litatha ndinayamba kuzungulira ndi kachikho, ndipo nditafika pa a Nusret ndinawathirira. Akadali nako m'manja, a Haji Resul anawafunsa mofatsa kuti, “Nusret mwana wanga, ukawathamangitsa alendowa, thonje langa adzatola ndani? Iweyo ndi suti yakoyo?” Anthu asanaseke n'komwe, bambo wina wogulitsa matayala anakuwa kuchokera pakona kuti a Haji akulankhula chifukwa ali ndi minda, pamene iye ali ndi ana atatu ongokhala pakhomo, ndipo alendowo apite basi. Nyumba inagawikana pawiri. A Nusret anafuna kukondweretsa mbali zonse, thukuta lili kamukamu, ndipo poti munthu wandale salankhula ndi dzanja limodzi, anawerama n'kuika kachikho pa kapeti.

Amayi, maso onse anatembenukira pa kachikhoko. Mukudziwa kuti kachikho ka khofi wowawa kamabwerera m'dzanja la wothira, sikaikidwa pansi. Kwathu woiwala amangoyang'anidwa ndi diso loipa. Kuno ali ndi chilango chake: woika pansi adzaze kachikhoko ndi golide, kapena amukwatitse wothirayo. Nthawi zambiri zimathera m'nthabwala, munthu n'kungopereka kangachepe. Koma apa panali pamaso pa a Haji Resul, ndipo wolakwayo anali munthu wofuna kulamulira dera lonse.

A Haji anandikodola. “Fayad, uli pabanja?” Ndinati ayi. “Nanga mbeta unaiona?” Ine ndinangozolika. Wa matayala yemwe uja, amene amafuna kuti tipite, ndiye anakuwa kuti, “Afunseni a Bozan! Mnyamatayu wagula machesi onse a m'golosale mwawo, koma sasuta!” Anthu anaseka pamaliro, ngakhale ana a malemu anabisa nkhope m'manja. A Bozan anangoti kakasi ndi chikhoti cha eni ake.

A Nusret nawo anaseka, n'kundigwira paphewa kuti wojambula ajambule bwino. Kenako anandifunsa kuti ndine mwana wa yani. Ndinatchula dzina la malemu bambo, ndipo ndinawonjeza kuti kwathu ndi kutsidya, ku Tell Abyad. Dzanja lija ndinalimva likupepuka paphewa panga.

Bambo Kafukufuku anathamangira kuwanong'oneza, ndipo a Nusret anati asankha golide, poti kachikhoko n'kakang'ono. A Haji Resul anapukusa mutu. “Golide timapatsa amene ali ndi mkazi kale. Uyu ndi batchala. Ngati ku Istanbul anakuphunzitsa kuika kachikho pansi, kuno tikuphunzitsa kukatola.” A Nusret anakatola okha, n'kukaika m'dzanja langa, ndipo anatuluka osanena kuti inde kapena ayi.

Dzuwa lisanalowe, kanema wa zimenezi anali m'mafoni a dera lonse. Akuti Bambo Kafukufuku anachita mantha kuti anthu anena kuti a Nusret akukwatitsa Asiriya m'malo mowathamangitsa. Koma zimene ndinamva ine m'mawa mwake, ndikuthira khofi, zinali zina. Za Usiriya wanga panalibe amene anali nazo ntchito. Funso linali limodzi, loti kodi munthuyu asunga mwambo kapena authawa. Mkulu wina anati wothawa kachikho adzathawanso ngalande za m'misewu akadzapambana. Wa matayala uja anati iye maganizo ake sanasinthe, alendo apite, koma kachikho ndi kachikho, ndipo a Nusret akazemba voti yake aiwale.

Patangopita masiku ochepa, magalimoto aja anasintha nyimbo m'dera lathu. Tsopano akuimba za magetsi ndi misewu. Mnzanga wina akuti kumadera a kumtunda, komwe kuli nyumba zosanjikizana, akuimbabe yakale ija. Ndale ndi choncho, Amayi, khomo lililonse nyimbo yake.

Kenako a Nusret anabwera okha kukhitchini komwe ndimawiritsira khofi, opanda wojambula. Anakhala pa kampando kanga kothyoka kaja. Anati alibe nane chifukwa, ndipo agogo awo aakazi anabadwira kutsidya kwathuko waya wa malire asanaikidwe. Anati mawu a pagalimoto ndi a kampeni chabe. Ine mtima unandiwira, ndipo ndinawauza kuti mawu a kampeni chabewo ndi amene anachititsa kuti mnzanga wa ana anayi atulutsidwe m'nyumba chisanu chili pakati. Ndinkayesa kuti akwiya. Koma anangondifunsa dzina la mnzangayo. Si munthu woipa, Amayi. Ndi munthu wofuna mpando, ndipo anauzidwa kuti njira yake ndi ifeyo.

Anavomera kuti adzakhala nkhoswe yanga, adzapita okha kwa a Bozan kukandipemphera Zeliha, ndipo phwando lidzakhala pamutu pawo. Ankafuna kuti zichitike chisankho chitatha, koma a Haji Resul anakana. Anati lonjezo la wandale lili ngati mkaka, siligonera, choncho zonse zithe Ramadani isanayambe. A Bozan sangakanize munthu amene iwo eni amamunyamulira chikhoti, ndipo akazi awo anauza Zeliha kuti mumtima bambo akewo apepukidwa, chinkawavuta n'kuopa pakamwa pa anzawo a kampeni. Zeliha akungondiseka. Akuti iye ankadikira mwamuna wolimba mtima woti akamuyang'ane bambo ake m'maso, koma mapeto ake akukwatiwa ndi kachikho.

Tsono pempho langa ndi ili. Ndinawauza onse kuti sindiponda pakhomo pa a Bozan popanda mawu anu. Zikundiwawa kuti pamalo pamene pakanakhala bambo padzakhala munthu amene nkhope yake ili pa zikwangwani zotithamangitsa, koma chimenecho ndikhoza kuchimeza. Chimene sindingameze ndi chimene Wadha anandiuza dzana. Musamukalipire, ndinachita kumukakamiza. Akuti madzulo mumapita kwa aneba kukaonera nkhani za kuno pa wailesi yakanema, ndipo akaonekera wandale wolonjeza kutibweza, inu mumakweza manja n'kunena kuti amini. Akuti matiresi anga aubweya aja munawamasula, n'kuchapa ubweya wake, n'kuwasokanso, ndipo simulola munthu kukhalapo, poti akudikira ine.

Sindinakwiye, Amayi. Ndinatseka chitseko cha khitchini n'kulira. Bambo Kafukufuku wayendayenda mzinda wonse kusaka munthu amene nkhani yotibweza ili pamtima pake kuposa lendi ndi feteleza, osadziwa kuti munthuyo ali kutsidya ndipo alibe voti.

Choncho sindikunamizani. Ndikakwatira Zeliha ndiye kuti ndamanga kuno. Iye sangakhale kumeneko, ntchito yake ndi abale ake ali konkuno, ndipo ana athu adzabadwira kuno. Ine ndikawoloka malire kudzakuonani, chiphaso changa chimafa ndipo sindingabwererenso. Mwina malamulo adzasintha, koma sindikufuna kuti muvomere chifukwa cha mwina. Mukakana, ndikawauza a Haji kuti kachikho kakhululukidwa, ndipo sindidzakuwerengerani mlandu. Munatilera nokha m'nthawi ya mabomba, ndipo ufulu wonena kuti ayi muli nawo. Koma ndimamukonda mtsikanayu, ndipo ndatopa kukhala ngati munthu wodikira basi.

Mundiperekere moni kwa atsibweni a Jasim, muwauze kuti mafuta opaka msana aja ndidzatumiza ndi dalaivala yemweyu ulendo wamawa. Moni kwa azakhali ndi ana awo onse, kwa alamu a Khalaf amene ndawasandutsa positi ofesi, ndi kwa iwe Wadha amene ukuwerenga. Pukuta maso umalize. Mukapita kumanda Lachisanu, muwauze bambo nkhaniyi, ndikudziwa kuti ya machesi ija akanaiseka.

Ndikudziwanso kuti mawu oti inde akhoza kukukanikani pakamwa, monga nkhaniyi inandikanikira ine. Musadzivutitse kuwanena. Mukavomera, ingotengani matiresi aja muwapatse ana a Wadha azigonapo. Ndikamva kuti agonapo, ndivala jekete ndipite kwa a Bozan.

Ndine mwana wanu wokusowani tsiku lililonse,

Fayad