Ampu ya bambo yalira

Lachinayi, mwezi wa Juni, ku Chibanja

Kwazizira tsiku lonse, ndipo kusukulu sindinacheze ndi aliyense.

Ampu ya gitala ya malemu bambo, chokuzira mawu chija, yalira lero. Mayi anati ikalira aigulitsa kwa anyamata a bandi a ku yunivesite, ikakanika izingokhala kuchipinda kwanga. Ine ndimangofuna kuimvanso.

Ndinasintha fyuzi, ndinapukuta mababu ake agalasi, koma ndikayatsa inkangoti zii, ine n'kuzimitsa msanga kuopa kuipsereza. Pochokera kusukulu ndinafunsa a Mhango, okonza mawailesi kumsika. Anaseka. "Iwe mwana, za mababuzo zili ngati madala, zimayamba zawotha kaye. Lindilira pachoko, ukufulumira chomene."

Nditafika kunyumba ndinaiyatsa n'kukhala pansi, kudikira pang'ono osafulumira monga ananenera. Mababu anafiira pang'onopang'ono, kenako kunamveka kung'ung'uza kuja kumene kunkandidzutsa Lamulungu m'mawa, bambo asanakhudze nsambo. Ndinamvetsera ndekha mpaka nditamva mayi akutsegula geti, ine n'kuizimitsa msanga.

Anasuzumira pakhomo. "Bwanji, yatheka?"

"Ayi mayi, siikulirabe."

Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatuluka. Akanangoikhudza, akanapeza ikadali yofunda.