Bulangete ndatenga ndine

Amake Esnart,

Musavutike kufunafuna bulangete lathu, ndatenga ndine. Muli kumadzi kunabwera alamu anu a Feston ndi uthenga wakuti amayi agona ndi chibayo kwathu ku Vubwi. Mwera wa sabata ino unasasula udzu mbali imodzi ya nyumba yawo, ndipo akhala masiku atatu akufunda chitenje chokha, osauzako munthu. Mukuwadziwa apongozi anu. Ndanyamuka pa njinga, sindikanatha kukudikirani. Pepani.

Tayang'anani phiri la Mphangwe, lavala mtambo kumutu. Musaganize kuti ndi mvula iyai, ndi mphepo youma imeneyo, ndipo ikatero imaomba mpaka sabata kutha. Tsono masangwe a mtedza aja musawatenthe. Ndikudziwa kuti ndine ndemwe ndinakukalipirani dzulo kuti mwachedwa nawo, koma udzu wauma gwa. Moto ukangothawa ufika pankhokwe musanatunge ndi chikho chimodzi chomwe, ndiye tidzadya phulusa chaka chino.

Esnart mumpake mafuta a nsatsi kumapazi, ndaona ayamba kung'aluka. Azigona kukhoma, kutali ndi chitseko.

Inu ndakusiyirani pamsomali jasi langa la kunkhondo, lija mumati limanunkha ngati tonde ndipo tsiku lina mudzaliponya pamoto. Poti ndaletsa moto, lapulumuka. Madzulo ano mulipepese bwinobwino, chifukwa mwamuna wanu ndi lomwelo mpaka ine nditabwera.

Ndine,
Rabson