Hamisi Wayamba Kudzuka Ngati Yusufu

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno tilipo. Sadaka yanu inayenda bwino, kungoti mpunga unapserera chifukwa mng'ono wanga Asiyatu ankaphika uku akucheza, mukumudziwa. Mwezi wathawu wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Usipa chaka chino wachepa, koma mango a mumtengo wanu uja agwa mpaka mbuzi kutopa nawo.

Nkhani yeniyeni ndi ya mwana wanga Hamisi. Munamusiya akukwawa, pano ali ndi zaka zisanu. Tsiku lina akudzuka pamkeka ndinaona akugwira maondo ndi manja, n'kumadzikankha pang'onopang'ono mpaka kuimirira. Ndinachita mantha, Amayi. Ndi mmene ankadzukira mchimwene wanga Yusufu asanasiye kuyenda.

Ndinapita naye kuchipatala ku Blantyre. Adokotala anati ndi matenda ofooketsa minofu, obadwa nawo, ndipo ana aamuna amawatengera kwa mayi awo. Ndiye kuti Yusufu sanalodzedwe. Inu munandipatsira osadziwa, ine n'kupatsira Hamisi. Sindikukuimbani mlandu.

Ndinafunsa za mankhwala. Anati m'thupi mwa Hamisi muli kalangizo kamodzi kolakwika, amati jini. Akatswiri akunja akufuna kulowetsamo jini yabwino, koma imeneyi ndi yaikulu, sikwana yonse m'tizilombo timene amatumiziramo jini zina m'thupi. Ndiye akukonza chonyamulira chawochawo, kromozomu yochita kupanga, ngati kukhoma boti poti katundu wakana m'bwato. Ndinafunsa kuti botilo lifika liti ku Mangochi. Anati akali kuyesa pa mbewa. Ndinaseka, ndinati mbewa nazo zatitsogolera pamzere! Koma m'minibasi ndinalira mpaka ku Liwonde.

Sindikudziwa ngati botilo lidzamupeze Hamisi akuyendabe. Pakadali pano amapita yekha ku madrasa. Amafika mochedwa, koma amafika, ndipo anzake akafuna kumunyamula amakana. Ndimakumbukira mmene munkatikalipira tikamathamangira kukadzutsa Yusufu: "Musiyeni adzuke yekha, akatopa anena." Nthawi imeneyo ndinkati ndinu ouma mtima. Pano Hamisi akagwa ndimabisa manja kumbuyo n'kumangomuyang'ana, ndipo ndadziwa mmene zinkakupwetekerani.

Ndikulonjeza kuti ndimusiya ayende mpaka tsiku limene adzanene yekha. Akadzanena, chitenje chija munkaberekera Yusufu ndachichapa kale, chili m'sutikesi.

Mumupatse moni Yusufu. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Mwana wanu,
Mariamu